Dzanja Lamanzere

Mvula ya ku Mzuzu sigogoda,
imangolowa ngati mwini nyumba.
Inalowa m'chipinda cha katundu ku parishi
nipeza bokosi la malata
limene wansembe wina anasiya tisanabadwe.
A Zgambo, akatekisiti, anabwera nalo ku Chibavi pa kabaza,
nati: NyaChavula, muli ndi simbi inu,
tiwongolereni mapepalawa.

Analipo asanu ndi awiri, onunkha nkhungu,
ya m'bokosi, osati yotsika m'mawa ku Kaning'ina.
Njenjete zinali zitadya m'mphepete.
Analibe utoto, mizere yakuda yokhayokha,
yothithikana ngati ulusi wa chiguduli,
m'munsi mawu a Chilatini
amene a Zgambo anangowatsokomolera.

Ndinayala nsalu pamwamba, makala pang'ono m'simbi.
Loyamba: amuna akukoka ukonde
m'kabwato kochepa ngati beseni.
Lachiwiri: munthu wagwa chagada,
mkazi pambali akuwerengabe ndalama.
Lachitatu ndilo linandiimitsa.
Nsanamira zopotana ngati chingwe cha mbuzi,
mayi wasenza dengu, mwana alibe kabudula,
ndipo pansi, wopuwala uja wa pa Chipata Chokongola,
miyendo yopindika ngati chinangwa cha pamiyala.
Petro wawerama kuti amudzutse.
Ndi dzanja lamanzere.

Ndinati: a Zgambo, wojambulayu analeredwa kuti?
Kwathu mwana wopereka ndi lamanzere timamubweza.

Anaseka mpaka magalasi anatsetsereka.
Akuti pepalali linatsanziridwa pa chitsanzo
chojambulira oluka nsalu zazikulu za pakhoma,
zaka mazana asanu zapitazo, kutsidya kwa nyanja.
Woluka amakhala kuseri,
tsiku lonse amangoona mfundo ndi ulusi wolendewera,
nkhope ya Petro saiona mpaka atamaliza.
Nsalu ikatembenuzidwa, lamanzere limasanduka lamanja.

Ine telala wa zaka makumi awiri,
wosoka diresi la ukwati mkati muli kunja,
ndinachita kuuzidwa zimenezi ndi munthu
wosadziwa kulowetsa ulusi m'singano.

Pafupi ndi chitseko, pampando wa nsungwi,
panali bambo ake a Sangwani.
Ankayendetsa lole ya matabwa a ku Chikangawa
mpaka Lachiwiri lina mu Juni
pamene kapu ya tiyi inawapulumuka.
Kuchokera tsikulo dzanja lamanja limangogona pantchafu
ngati nsalu imene mwini wake sanabwerenso kudzatenga.
Mlendo akalowa amatambasula lamanzere,
nati pepani.
Pa mawu onse amene anali nawo,
okalipira anyamata, onyengerera apolisi apamsewu,
otuluka bwino atsala omwewo: pepani.
Ndi kwa ine yemwe, ndikamawapatsa mankhwala.

Sindinawalalikire.
Abwera kale ambiri ndi mafuta a m'timabotolo
kudzalonjeza kuti mawa adzathamanga.
Ndinangodikira mvula ikate,
ndinanyamula pepala lija lidakali lofunda,
ndinaliika pa galasi la zenera, nkhope yake kunja.
Kuwala kunaboola.
Petro uja, wotuwa ngati utsi,
anali akupereka dzanja lamanja.
Ndinalitembenuza: lamanzere.
Ndinalitembenuzanso.
Wopuwalayo, mbali zonse ziwiri,
anali adakali pansi,
koma dzanja lake linali m'dzanja la mnzake.

Anayang'ana nthawi yaitali, mwamuna wanga,
mpaka makala anazima m'simbi.
Kenako anatambasula lomwe lija,
nalandira pepala,
osanena kanthu.

A Zgambo anabwera Loweruka
ndi mafelemu ogula ku Zigwagwa.
Ndinawapatsa asanu ndi limodzi.
Lachisanu ndi chiwiri, ndinati, silinaume,
mukudziwa nokha mvula ya kuno.
Tsopano ndi Okutobala,
fumbi lafika ndi m'bokosi la mabatani,
ndipo akafunsa ndimayankha chimodzimodzi.