Nyumba Yomaliza

Mawawa a mu Juni sanaleke chiyambire masana,
malata a ku Chibavi akungonong'ona.
Ndili m'bulangeti, laputopu pamaondo,
magetsi anachoka osatsanzika,
batire latsala ndi mphindi makumi awiri.

Ntchito imene a Nyasulu anatipatsa ku Luwinga
ndi yosavuta kuinena:
chilembo chilichonse chisuzumire mnansi wa kumanja
n'kumufunsa, kodi tikufanana?

Ndayesera ndi dzina la mzinda wanga.
M wafunsa Z, ayi.
Z wafunsa U, ayi.
U wafunsa Z, Z wafunsa U,
kenaka sikirini yafiira ngati dothi la ku Masasa.
Akuti ndatuluka kunja kwa malire.

Malire ati? Zilembo zisanu, ndawerenga ndi zala.

Fwasani wadzuka pa mphasa, maso ali theka,
wayang'ana kamodzi kokha n'kuseka.
Iwe, makinawa amayamba kuwerenga pa ziro.
M ali pa ziro, U womaliza ali pa folo,
ndiye ukumutuma akagogode pa faifi,
kumene kulibe khomo.

Ndakumbuka kwa azakhali ku Mchengautuwa,
nyumba yomaliza pamzere.
Mchere ukatha amakapempha kumanzere basi,
kumanja kuli dambo ndi achule.

Mwaliuma ndatembenuza funso:
aliyense ayang'ane kumanzere tsono.
Sikirini yakhala chete, ndinayamba kuvina ndi mapewa,
koma M, posowa mnansi kumbuyo kwake,
wazungulira mwakachetechete
n'kukadziyerekeza ndi U wa kumapeto.
Cholakwa chosakuwa ndicho choopsa,
chikanandiperekeza mpaka pa tebulo la a Nyasulu.

Batire, mphindi zisanu ndi imodzi.

Nyumba zisanu zoyandikana,
mipanda yapakati inayi.
Ndinkawerenga nyumba
pamene funso linali la mipanda.

Ndabwerera kumanja,
ndachotsa chimodzi pa utali wa mawu.
Tizizindikiro tiwiri tokha,
usiku wonsewu unali wa timeneti.

MZUZU wadutsa, palibe amapasa.
Ndalemba MMERA, yawagwira pa khomo loyamba.
Ndalemba chilembo chimodzi chokha, chosowa mnansi,
pulogalamu yangodutsa osafunsa kanthu,
monga kuyenera.

Fwasani wayamba kale mkonono.
Khofi wazizira m'kapu ya pulasitiki.
Ndasunga ntchito, sikirini yazima yokha,
ndipo mumdima ndikumva wa kabaza
akuliza belu kumunsi kwa msewu,
kumene nyumba zimathera.