Khoma la Zishango

Dokiso anaiwala buku lake pa benchi,
lopanda chikuto, lonunkha chinyontho cha ku Mzuni.
Ndabwera nalo ku ulonda kuno ku Luwinga
kumene ndimadikirira matabwa a eni
ndi tochi ya mabatire otopa.

Masamba apakati akukamba za Angerezi akalekale,
asanadziwe mfuti, asanamve n'komwe kuti ife tilipo.
Akuti minda ya mabanja asanu inkatulutsa munthu mmodzi,
otsalawo n'kumusonkhera kamba wa pa ulendo.
Theka la asilikali kunkhondo, theka likukolola,
kenako kusinthana,
monga ine ndi Mapopa m'bandakucha
tikamalandizana jasi limodzi lomweli.

Ndaseka ndekha mumdima.
Zaka makumi awiri ku Moyale
ndinkayesa ndandanda anayambitsa ndi sajeni wathu.

Malinga awo ankatalikirana ulendo wa tsiku limodzi
kuti mayi wothawa, mwana kumsana,
akalowe dzuwa likadali m'mitengo.
Ngakhale kukonza mlatho inali ntchito ya nkhondo.
Apa ndatseka buku, chala chili m'kati,
ndakumbuka kamlatho kathu ku Masasa
kamene mvula ya Epulo imakanyamula chaka ndi chaka
ife manja m'thumba, tikudikira khansala.

Koma chandigwira pakhosi ndi chishango.
Thabwa lopepuka, chitsulo pakati ngati mchombo,
m'mphepete mwake mosanjikana ndi cha mnzako.
Ukathawa, sunathawe wekha:
wamuvula iye.

Pambali panga pankaima Yotamu Chavula,
wamfupi, wotafuna nzimbe ngakhale pa gadi.
Lero amakankha njinga ya makala kuchokera ku Lusangazi
ndipo tikakumana pa Katoto
timangokwezerana chibwano.

Bukuli latchula mafumu okhaokha
ndi malupanga awo opota ngati chingwe cha mtondo.
Nanga wa minda isanu uja dzina lake ndani?
Ankatsokomola ngati ine nkhungu ikatsika?
Anabwerera kukapeza tirigu wake atagwa?

Akutinso adani akaoneka panyanja
moto unkayaka paphiri, lina n'kuyankha, lina n'kuyankha.

Ili pafupi kukwana folo koloko.
Mawawa ayamba, agalu a ku Area 1B atonthola.
Uko ku fakitale ya khofi mlonda wina waimba wezulo,
kamodzi, mongofunsa.
Ndaika buku m'jasi kuti lisanyowe,
ndapukuta milomo,
ndamuyankha.