Masekondi Makumi Anayi

Ntchito yanga ndi kumvera anthu amene sindinawaonepo.
Kuno ku Edmonton, m'kachipinda koyandikana ndi makwerero,
chipale chofewa chikuunjikana pazenera,
ndimatseka makutu ndi zomvera
n'kulemba zimene asilikali anauza ofufuza.
Mayina awo anafufutidwa kale.
Ine amandifikira ali manambala.

Nambala 17 ndi mayi.
Zaka khumi ndi zitatu akuyendetsa malole a katundu mumdipiti.
Akuti chovala chotchinga zipolopolo
anachisokera chifuwa cha mwamuna,
ndipo phewa lake lamanzere silinakhululukebe.
Amufunsa: ululuwo mungauike pati, pakati pa wani ndi teni?
Waseka.
Ndalemba kuti: waseka.
Palibe polemba kuti kusekako kunali kouma gwa,
kokhala ngati kukoka mpando pasimenti.

Nambala 23 ankavula nduwira yake m'mamawa,
kumanga kansalu kumutu, chisoti pamwamba.
Zaka ziwiri anzake ankamuitana dzina lachidule,
ati lenilenilo limapinda lilime.
Koma tsiku limene galimoto yawo inaponda bomba,
mnyamata wa ku Moose Jaw, magazi ali chuchuchu,
analitchula lonse, osaphonya chilembo,
katatu.
Dzinalo ndalimva ndi makutu angawa.
Lamulo likuti ndilifufute, ndipo ndalifufuta.

Funso lachisanu ndi chinayi: mwasamuka kangati?
Kasanu ndi kawiri, watero nambala 30,
Shilo, Petawawa, Gagetown, Shilo kachiwiri,
enawo wasokoneza ndondomeko.
Mkazi wake, namwino, ankayambiranso pansi paliponse.
Msinkhu wa mwana wawo unatsalira pamafelemu a zitseko,
timizere ta pensulo m'nyumba za eni,
mpaka tsiku lina anazula thabwa lonse ndi nyundo
nalilipira, nalikweza mulole pamodzi ndi matiresi.

Ndiye pali nambala 41.
Kodi usiku mumagona bwino?

Furiji ikung'ung'udza.
Zikhadabo za galu, kwe kwe kwe, kudutsa pakhitchini.
Kuchipinda kwina kamwana kakufunsa kumene kuli sizasi,
palibe wakayankha.
Supuni yagunda kapu, yazungulira, yaima.
Wina wakoka mpweya ngati akufuna kunyamula chinthu cholemera,
kenaka wachisiya pomwepo.

Masekondi makumi anayi.
Dokotala Wasylenko anandiuza pa tsiku langa loyamba:
pakakhala potere, ingolembani kuti chete,
kompyuta imawerenga mawu okha.
Sananene mwankhanza. Nawonso ndinawaonapo
atakhala m'galimoto panja, injini ili chilirire, osanyamuka.

Ndalemba: chete.
Zilembo zisanu.
Ndabweza tepi m'mbuyo, ndamveranso. Kachitatunso.

Lipoti lidzatuluka chisanu chikatha,
la mizere yokwera ndi yotsika,
ndipo ndikufunitsitsa ligwire ntchito:
chovala chisokedwe poyeza thupi la wochivala,
namwino uja asayambirenso pansi.
Mutu umodzi susenza denga,
n'chifukwa chake amawaphatikiza mazanamazana
kuti a m'maofesi amve kulemera kwake.
Ndikudziwa.
Koma galu uja sadzalowamo.

Bambo anga anabwera kuchokera ku Bosnia
ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi.
Palibe anafika ndi tepi pakhomo pathu.
Ankakonza wailesi yosawonongeka mpaka mbandakucha,
amayi n'kumatiuza kuti tiziyenda monyang'ama.

Madzulo ano, ndikudikira basi, ndawaimbira.
Tanena za chipale, za matayala, za bondo lawo.
Kenaka ndafunsa funso la eni ake lija,
liwu ndi liwu, monga lilili papepala.

Basi yafika, yatsegula chitseko, yanditaya.
Foni ili kukhutu, zala zachita dzanzi.
Kumbali kwawo ndikumva ketulo ikuyamba kulira.
Sindikulemba kanthu.
Ndafika pa makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi,
sanadule.