Awiri Okha

Aulis anasintha awiri okha.
Linali Loweruka lomaliza la Okutobala.
Anagwada pasimenti m'galaja, jeke ikulira,
namanga kutsogolo matayala a timisomali,
natsitsa galimoto, nafuula, "Ritva, khofi wapsa?"
Analowa akupukutira manja pabuluku.
Kapu ija sanaimalize.

Ambulansi itachoka ndinangokoka chitseko cha galaja.
Enawo awiri anatsala chotsamira khoma,
atalembedwa ndi choko m'zilembo zake zopendama:
kumbuyo kumanzere, kumbuyo kumanja.

Tinamuika kuno ku Kuhmo nthaka isanaume gwa.

Ndiye ndakhala ndikuyenda choncho,
kutsogolo mano, kumbuyo usinini.
Akutsogolo amakukuta madzi oundana pamsewu,
akudziwa kuti chisanu chafika.
Akumbuyo palibe anawauza.
Iwo akadali mu Julayi,
paphula lofunda, mawindo otsegula,
zidebe za zipatso zam'tchire zikugundana m'buti.

Tuulikki amaimba kuchokera ku Oulu:
"Amayi, mwapita kwa makaniko?"
Ndipita Lolemba, mwanawe.
Malolemba anadutsa asanu ndi limodzi.

Tsiku lake ndinkapita ku Kajaani
ndi envelopu ya mapepala a maliro pampando wake.
Pokhota paja, kupitirira pocheka matabwa,
ndinaponda buleki pang'ono chabe,
ngati mmene umakhudzira munthu wogona.
Kutsogolo kunamvera.
Kumbuyo kunanyamuka ulendo wakewake,
mwakachetechete, mopanda n'kulira komwe,
kundipitirira chakumanja ngati mlendo wofulumira.
Mitengo ya paini inazungulira yonse.
Chiwongolero chinapepuka m'manja ngati mbale yopanda kanthu.

Phu! m'chipale chofewa cham'mbali mwa msewu.

Nditatsegula maso galimoto inali itayang'ana kwathu.
Wailesi inkapitiriza kunena zanyengo.
Envelopu inali pansi, pafupi ndi phazi langa.
Sindinalire. Ndinazimitsa wailesi.

Anandikoka ndi bambo wa thirakitala yokankha chipale,
dzina lake lili pachitseko: Kemppainen.
Atamasula tcheni anazungulira galimoto,
nanjuta, navula gulovu,
nasisita tayala lakumbuyo ndi chala chachikulu
monga woona ngati mpeni uli wakuthwa.
"Onse anayi azikhala amtundu umodzi, mayi.
Akutsogolo akagwira, akumbuyo n'kuterereka,
galimoto imavina yokha.
Anakuchitirani zimenezi ndani?"
Amuna anga.
"Muwauze amalize ntchito."
Ndikawauza, ndinatero.

Ku Kajaani sindinafike.
Ndinabwerera pa liwiro la maliro,
magalimoto asanu ndi awiri ali pambuyo panga,
palibe ndi mmodzi yemwe woliza hutala.

Mdima umagwa isanakwane naini koloko ya masana kuno,
kunena kwa Aulis, amene ankawerenga maola mwanthabwala.
Ndinayatsa getsi m'galaja.
Sipanala inali pomwe anaisiya,
chogwirira chitaloza kukhomo.
Ndili ndi zaka sikisite eyiti ndi bondo lachitsulo.
Manati anawamanga ndi iye mwezi wa Epulo
ndipo sankadziwa kumanga pang'ono.
Ndinaima pasipanala ndi mapazi onse awiri,
nditagwira denga la galimoto,
ndikumutukwana ndi mawu amene sanandimvepo,
mpaka nati yoyamba inati kwee, n'kulola.

Pogubuduza tayala lake
choko chinandipaka pajasi.
Kumbuyo kumanzere kunasanduka fumbi loyera pamimba panga.
Sindinasase.

Lachiwiri linanditengera ola lathunthu.

Akale aja ndinawagoneka pakona
pamwamba pa anzawo awiri amene anachotsa yekha.
Choko ndinachipeza m'thumba la ovololo yake,
pamodzi ndi lisiti ya mafuta ndi switi imodzi ya chifuwa.
Ndinalemba. Zilembo zanga ndi zoongoka,
za mphunzitsi wopuma, zosafanana ndi zake.
Mulu umodzi, manja awiri.

Khofi ndinamwa chiimire, jasi ili m'thupi.
Mawa ndikawapempha kwa makaniko
aone ngati ndamanga mokwanira.