Nsalu ya Kumbuyo

Ku Ulongwe, kuseri kwa msika wa mbatatesi,
ndili ndi kachipinda kojambulira anthu.
Pakhoma pali nsalu ziwiri:
ina nyanja ya ku Beira, ina nyumba zosanja za ku Maputo.
Metikashi makumi asanu, ndikufikitsako
fumbi la Angoniya likadali kumapazi.

Belito Chimphamba, wowotcherera njinga,
walowa ndi foni yong'aluka galasi.
"Taona anzako abodza, Armindo.
Achuma ati agula tikiti yokacheza kuthambo,
akuyandama ngati mankhusu,
dziko pazenera lili ngati dzungu.
Nsalu imeneyo! Nsalu ngati yakoyi.
Ine Domwe ndinamukwera mpaka pansonga,
minda yonse inangoyalidwa ngati mphasa
kukafika ku Dedza.
Kupindikako kunali kuti?"

Ndalandira foni.
Bodza ndiye khasu langa, ndimadziwa pomwe limaguluka:
pamthunzi, m'mphepete mwa khutu,
patsitsi makamaka.
Koma mayi uyu tsitsi lamwazika, palibe chingwe,
ndipo dontho la madzi, lalikulu ngati diso la ng'ombe,
likuyenda lokha kufuna pakamwa pake.

"Ichi, Belito, ine sindingachithe."

"Iwe ndi kakompyuta kako kachifuwako!
Wandalama amagula ndi mthunzi womwe."

"Nanga mlongo wako wa ku Brazil uja,
bwanji amati kuli masana ife tikutseka zitseko?"

"Dzuwa ndi nyali, limayendera makomo.
Ndipo Zambezi, dziko likadakhala dzungu,
bwenzi atatayikira kale pa mlatho wa ku Tete."

Magetsi azima.
Chigayo cha a Nkhoma chatsokomola kawiri, zii.
Takhala mumdima ngati anthu okwiyitsana pamaliro,
aliyense atafumbata dziko lake.

Atayaka, Belito sakundiyang'ana.
Akupukuta mwaye pamphumi ndi chipewa.
"Kundiika pamwezi, zingati?"

"Zana. Mwezi uli kutali."

Waima mowongoka, kolala wakonza,
manja amabala wabisa kumbuyo.
"Dziko lioneke paphewa panga."

"Liti, lamphasa kapena ladzungu?"

Wakhala chete nthawi yaitali,
mpaka njinga yamoto yadutsa, fumbi lakhazikika.

"Ladzungu," akutero motsitsa.
"Chithunzichi n'cha Selestina wanga.
Asakamuseke anzake kusukulu."