Chipinda cha Nyali Yofiira

Belu la pansanja ya yunivesite lisanalire ndimakhala nditalowa kale.
Coimbra akadali m'tulo, nkhungu yafungatira mtsinje wa Mondego,
ine ndavula nsapato zoyendera mumsewu, ndavala zoyera,
kansalu pamphuno, magolovesi awiriawiri.
Pachitseko analemba: Benedita Quaresma, wosamalira ziweto.
Ziweto! Mawuwa amandiseketsa mpaka lero.

Muno tinatembenuza dzuwa.
Kunja kukamacha, muno kumada,
kumatsala nyali yofiira imene maso awo saigwira bwino,
ndipo amadzuka, n'kuyamba kupalasa utuchi,
osadziwa kuti usiku wawo uli m'manja mwa swichi.

Makoswe oyera, makumi asanu ndi limodzi.
Sitinawadwalitse ife.
Anabadwa magazi akuthamanga kale,
makolo awo anasankhidwa, mbadwo ndi mbadwo,
kuti asenze nthenda ya anthu m'timatupi tokwana m'chikhatho.

Lamulo likuti tisawatche mayina.
Timalemba nambala pamchira ndi inki yabuluu.
Koma 47 ali ndi khutu lopindika
ndipo akamva fungo langa amaima ndi miyendo iwiri
ngati mwana wofuna kunyamulidwa.
Ndimamutcha Tomé.
Sindinalembe dzinali paliponse.

Lachiwiri lililonse ndimamufunditsa kuti atenthedwe,
ndimaveka kamphete kumchira kwake,
makina amapopa mpweya, n'kuphwetsa pang'onopang'ono.
Sabata yatha 204. Lero 188.
Dokotala Vilarinho amasuzumira papepala,
amakanda ndevu, amati, "Mankhwala ayamba kuluma,"
n'kutuluka kukamwa khofi.

Madzulo ndimawoloka mlatho pa basi kupita ku Santa Clara,
kumene bambo anga akhala pampando chaka chachitatu,
mkono wamanja utagona pantchafu ngati wobwereka.
Ndimawamanga lamba, ndimapopa, ndimadikira.
176.
Manja omwewa, kudikira komweku.
Amandifunsa ndi theka la pakamwa lomwe linatsala lamoyo:
"Anzanga aja ali bwanji?"
Ndimati akudya bwino.

Kalata ya komiti inasainidwa ndi anthu asanu ndi awiri.
Inawerenga zonse: kukula kwa khola, kutentha kwa chipinda,
ululu wololedwa ndi ululu woletsedwa,
ndi tsiku la makumi asanu ndi atatu kudza anayi.
Tsikulo linali Lachisanu.

Ndinapempha kuti ndimunyamule ndine.
Sanakane. Bwanji akane dzanja lomwe limabwera ndi chakudya?
Mpweya wogonetsa unalowa mwakachetechete,
ndevu zake zinanjenjemera kawiri,
kenako zii.

Mtima wake tinauika pasikelo.
Galamu imodzi ndi theka,
wokhuthala m'mbali, monga mmene dokotala ananenera.
Ndinalemba nambalayo bwinobwino, osanjenjemera,
chifukwa kulakwitsa pamenepa n'kumupha kawiri.

M'nkhani imene adzasindikize adzangoti: makoswe khumi ndi awiri pagulu.
Khutu lopindika silidzatchulidwa.
Ine ndidzakhala kumapeto, m'zilembo zing'onozing'ono,
ngati adzakumbukire.
Mwina mankhwalawa sadzafika ngakhale pa munthu.
Ambiri amathera m'njira, ndikudziwa,
ndaona mabotolo ambiri akutayidwa ndi chiyembekezo chake chomwe.

Usiku umenewo bambo anatambasula dzanja lamanzere,
ndinaikapo kapiritsi kawo koyera.
Ndinakayang'ana nthawi yaitali.
Ndi michira ingati inalembedwa inki
kuti kameneka kafike pa mbale iyi, pambali pa lalanje losenda?
Ndani ankatsuka makola awo, m'dziko liti,
ndipo ankawatcha ndani mumtima?
Ndinalira mvula. Matope ake ndi awa, ali m'zikhadabo zanga.
Bambo anameza, n'kupempha madzi ena.

Lolemba kunabwera bokosi latsopano, lamabowo m'mbali,
likununkha utuchi wouma.
Ndinazimitsa dzuwa, ndinayatsa nyali yofiira,
ndinatsegula cholembera ndi mano.
Woyamba anandinunkhiza chala.
Ndinayang'ana kumbali
kuti ndisaone makutu ake.