Thanthwe Silinaiwale Chilimwe

Ine Sixten Holmgren wa ku Vännäs
ndinayendetsa basi zaka makumi atatu
m'misewu yoterera ngati therere,
ndiye musandiuze za kuzizira.
Ndikudziwa mmene kumalumira zala,
mmene kumalowera kunsi kwa chitseko popanda odi
n'kukhala pampando wako.

M'chipinda chapansi tinali ndi chitofu cha mafuta,
chakale ngati ukwati wathu,
chotsokomola usiku, chamwaye, chosakhuta.
Galimoto ya mafuta ikaima pabwalo
Gunborg ankatseka makatani
ngati kwabwera wodzalonjerera ngongole.

Majken, mwana wathu, ndiye anayambitsa:
"Bambo, mukugula moto wa kutsidya kwa nyanja
pamene pansi pa mbatatesi zanuzi pali kutentha."
Ndinaseka mpaka kutsamwa khofi.
Nthaka yomweyi, imene mu Januwale
fosholo imanjanjapo ngati yagunda chitsulo?

Mu Meyi anabwera Ebbe ndi chigalimoto chake.
Makina anabangula masiku awiri,
matope otuwa akusefukira m'maluwa a Gunborg.
Walira mvula walira matope, ndinamuuza.
Sanandiyankhule mpaka Lachinayi.

Mamita zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu.
Ebbeyo sankafuna madzi akumwa, sankafuna golide.
Anatsitsa paipi yakuda yopinda kunsonga
n'kutseka dzenje ndi chivundikiro chonga mbale.
"Pansipo," anatero akupukuta m'manja,
"kulibe Januwale, kulibe Julaye.
Madigiri asanu basi, chaka chonse, phee."

Asanu? Amenewo si madzi a mufiriji?
"Eya, firiji yomweyo, koma yotembenuza.
Imatola kutentha kuthanthwe pang'onopang'ono,
n'kukupanikiza mpaka kuotche,
n'kukutumiza m'mapaipi a m'nyumba.
Mukaipatsa magetsi muyeso umodzi
imabweza kutentha miyeso itatu, mwina inayi."
Ndinamuyang'ana monga ndinkayang'anira
wokwera basi wonena kuti tikiti yatayika.

Mtengo wake, ndisaname, unatiluma.
Boti langa linapita.

Kenaka Disembala.
Dzuwa kusuzumira maola anayi n'kuthawa,
kunja kuli mbuu, mitengo ikuthetheka ndi chisanu.
Pakati pa usiku ndinadzuka mwa chizolowezi
kuti ndikazonde chitofu.
Pansi panali bata.
Kabokosi koyera kakung'ung'udza ngati mphaka wokhuta,
kopanda fungo, kopanda lawi loti n'kuliopa.
Ndili pakati pa masitepe pobwerera
ndi pamene ndinazindikira
kuti kuphazi sindinavale kanthu.

Gunborg, amene nyamakazi inamupinda zala,
anatulutsanso singano zake zolukira.

Julaye atafika ndi dzuwa lokana kulowa,
chipinda chapamwamba chitasanduka uvuni,
paipi yomwe ija inanyamula kutentha kwathu
n'kukakutula kuthanthwe,
ngati munthu wobweza mchere umene anapempha dzana.
Tinagona mawindo ali otseka,
udzudzu ukudandaula panja.

Chumuni tsopano n'cha mbalame,
zamangamo chisa, ndipo lendi sizilipira.
Bilu ikabwera Gunborg amaitsegula yekha
ataima pawindo, makatani ali pambali.

Madzulo ena ndimakaima pakachivundikiro kaja,
pakati pa mbatatesi ndi mpanda,
n'kumawerenga zaka zimene ndinanjenjemera
pamwamba pa thanthwe losunga chilimwe m'mimba,
lili duu, losadzitama, losaitana munthu,
likungodikira kuti wina agogode.

Majken akaimba foni amafunsa, "Kukuzizira?"
Ndimati, "Kunja."
Amaseka, ine n'kutsokomola.
Za boti sitikambirana.